Loweruka pa Joni

Lachisanu madzulo ndatseka buku la miyala,
ndapinda tsamba lonena za golide.
Refilwe wagogoda: mawa kulibe laibulale,
miyezi itatu uli kuno
koma Joni umangomuonera pawindo.

Braamfontein wadzuka ndi matsire.
Jakaranda wayoyoka usiku wonse,
msewu wafunda chitenje chapepo
chopanda mwini.
Nsapato zanga za pa kaunjika wa ku Limbe
zikuphulitsa maluwa, thu, thu,
mpaka pa siteji.

Kuno minibasi saikuwira.
Refilwe wangoimika chala, yaima.
Mulibe kondakitala.
Ndalama zikuyenda dzanja ndi dzanja
kupita kwa wokhala kutsogolo,
ndipo wakutsogoloyo ndine.
Ine wowerenga zaka za thanthwe
chenji cha anthu khumi ndi asanu chanditulutsa thukuta.
Mayi wina kumbuyo waponya mawu m'Chizulu,
galimoto yonse yafa nacho chikhakhali.
Nane ndaseka, mano okha.

Takwera nyumba yaitali pakati pa tauni,
chikepe chatseka makutu.
Pamwamba, mzinda wagona chagada,
misewu yapiringizana ngati matumbo a mbuzi,
ndipo kummwera kuli milu yachikasu
yometedwa bwino pamutu.
Si mapiri amenewo, akutero Refilwe.
Ndikudziwa. Lachitatu ndinalemba mayeso.

Chomwe sichinabwere pa mayeso ndi a Jailosi,
bambo a mayi anga,
amene anabwera kuno ndi Wenela asanamere ndevu.
Anabwerera ndi njinga, wailesi, jekete lachikopa
ndi chifuwa chosamva mankhwala.
Ankatukwana nkhuku m'Chilapalapa.
Zaka zisanu ndi chimodzi
Joni anamuonera kunsi, ndi nyali pachipumi.
Ine lero ndalipira pakhomo
kuti ndimuone pamwamba.
Mulu uti ndi wanu, agogo?
Ndajambula yonse.

Masana ku Soweto tadya kota,
buledi woboola pamimba, wodzaza tchipisi ndi atcha,
mafuta mpaka m'zigongono.
Pa nsanja ziwiri zopakidwa utoto
anthu akulipira kuti agwe,
chingwe kumwendo, mfuu pakamwa.
Refilwe akuti tiyeni.
Ndati kwathu munthu amagwa ulele.

Folo koloko thambo lada bii.
Matalala ngati nthudza akugenda malata,
tabisala pa shopu ya matayala
mpaka mvula yatopa yokha.

Lamulungu ndapita ndekha ku Zoo Lake
kukaona abakha ndi timaboti.
Kuseri kwa mpanda, munthu wa ovolosi yobiriwira
akunong'onezana ndi foni:
ndatumiza kale, mukagule fetereza,
yotsalayo ya fizi ya Mwandida.
Mapazi anga aima okha.
Ndati, zikomo achimwene, muli bwanji?
Wayang'ana kumanzere, wayang'ana kumanja
asanayankhe.
Ndi Sitima, wa ku Linthipe.
Zaka zisanu ndi zinayi akudulira maluwa a eni.
Wandifunsa ngati ndili ndi mapepala.
Ndati ee, a sukulu,
ndipo manyazi andigwira osadziwa chifukwa.
Ndamuonetsa zithunzi za dzulo.
Wakulitsa chimodzi ndi zala zadothi:
ndiye kuti Joni amaoneka chonchi?
Wandipatsa theka la lalanje,
wati mukalimbikire, wanyamula chikwanje chake.

Usiku ndatumiza zithunzi kwa mayi.
Nsanja sanaione, jakaranda sanamutchule.
Angofunsa za milu ija,
kenaka: wawonda, ukudya?

Ndavula nsapato.
Pansi pake pamata duwa lapepo lophwanyika
ndi kamchenga kachikasu.
Ndakagwedezera pa tsamba ndinapinda lija,
ndatseka buku.
Kalasi ndi eyiti koloko.